Musanagule galasi loletsa zipolopolo, yang'anani chitseko chanu

Aliyense amene wayendako ku Geisha kuno ku Mzuzu avomereza kuti anthu akumanga. Apa maziko, apo mulu wa mchenga, uko mabuloko ayanikidwa padzuwa. Koma mukayang'anitsitsa muona kanthu kena: mpanda ukumayamba kutha nyumba isanafike n'palintala pomwe. Pamwamba pa mpandapo mabotolo osweka kapena waya wa malezala, ndiye geti lachitsulo lakuda bii, lopanda n'kabowo kosuzumirira komwe. Mwini wake akugona m'chipinda chimodzi chofolera mbali imodzi, koma mpanda ngati wa ndende.

Sindikuwaseka anthu amenewa ayi. Munthu amene watandala tsiku lonse mumsika wa Taifa kapena ku Zigwagwa, kaya wangotsika kumene basi yochokera ku Songwe ndi katundu wa mpamba wake wonse, ali ndi chifukwa chogonera khutu lili kunja. Ndiye tsopano kwabwera nkhani ina. M'mafoni mukuyenda timakanema ta azungu akuombera galasi koma osabooka, akuombera chitseko chipolopolo n'kungogwa pansi ngati mtedza. Ena mwa anzathu a geni, makamaka amene amayenda ulendo wa ku Joni ndi ku Dar es Salaam, ayamba kufunsana: kodi n'zotheka kumanga nyumba yoti chipolopolo chisalowe?

N'zotheka ndithu. Koma musanathamangire kukasintha makwacha anu kuti akhale madola, ndiloleni ndikutsineni khutu. Khoma la njerwa lomangidwa bwino, lomwe ambiri a ife tili nalo kale, limagwira ntchito yaikulu kuposa m'mene timaliganizira. Pamene nyumba zathu zafooka ndi pachitseko, pawindo, padenga ndi pageti, ndipo malo amenewa amakonzeka ndi ndalama zochepa komanso amisiri a konkuno.

Mfuti si nthano mumzinda uno

Tiyambe tavomerezana kuti mantha a mfuti sadangogwa kumwamba. Achinyamata amene muli pasukulu lero mwina simudziwa kuti Operation Bwezani idayambira muno mu Mzuzu. Kumayambiriro kwa Disembala 1993, a Payoniya adaombera ndi kupha asilikali awiri mumzinda uno, ndipo pa 3 Disembala gulu lankhondo lidayamba kulanda zida m'malo onse a Payoniya m'dziko muno. Ambiri mwa anyamatawo adathawira ku Mozambique, ndipo si mfuti zonse zimene zidabwerera m'manja mwa boma. Nako ku Mozambique nkhondo ya pachiweniweni inali itangotha kumene mu Okutobala 1992, n'kusiya mfuti za AK-47 zambirimbiri m'manja mwa anthu wamba. Malire athu mukuwadziwa m'mene alili. N'chifukwa chake zaka zoyambirira za matipate zidabwera ndi ufulu wolankhula pamodzi ndi umbava wa mfuti umene makolo athu sankaudziwa.

Tisaiwalenso za pa 20 Julaye 2011. Pa zionetsero zotsutsa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika anthu 20 adafa m'dziko muno, ndipo Mzuzu ndiye adataya anthu ambiri kuposa mizinda ina. Ena mwa iwo adagona kumanda a ku Zolozolo. Amene adali mumzinda tsiku limenelo amadziwa kulira kwa mfuti ndi makutu awo, osati za pakanema.

Koma taonani bwino nkhani zimenezi. Anthu amenewa adaomberedwa panja: mumsewu, pafupi ndi msika, pamalo a anthu. Chimodzimodzi a Paul Mphwiyo, amene adali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma. Usiku wa pa 13 Sepitembala 2013 adawaombera ku Area 43 mu Lilongwe ali m'galimoto, pageti la nyumba yawo. Adapulumuka atavulala kwambiri, ndipo posakhalitsa nkhani ya Cashgate idaphulika. Nyumba za ku Area 43 zili ndi makoma abwino ndi mipanda italiitali, koma woombera sadalimbane ndi khoma. Adangodikira pamene munthu amayenera kuima kuti amutsekulire. Naye Lucky Dube, amene nyimbo zake zimalirabe m'maminibasi athu, adaphedwa mu Okutobala 2007 ku Rosettenville mu Johannesburg ali m'galimoto, osati m'chipinda chogona. Wamfuti amadikira munthu pamene amalowera ndi kutulukira.

Chipolopolo n'chiyani kwenikweni?

Kuti tisanamizidwe ndi ogulitsa, tiyenera kudziwa chimene tikulimbana nacho. Chipolopolo cha pisitolo ya 9mm chimalemera pafupifupi magalamu 8 ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 360 pa sekondi. Cha AK-47 kulemera kwake n'chimodzimodzi, koma liwiro lake limaposa mamita 700 pa sekondi, kutanthauza kuti mu sekondi imodzi chadutsa mabwalo a mpira asanu ndi awiri. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yoboolera imawirikiza kanayi. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Chinthu chimene chingaimitse chipolopolo cha pisitolo chikhoza kubooka ngati nyuzi pamaso pa mfuti yaikulu.

N'chifukwa chake makampani enieni opanga zinthu zimenezi sanena kuti katundu wawo sabooka. Amanena kuti amapirira mfuti yakutiyakuti, zipolopolo zingapo zakuti. Ku America ali ndi muyezo wotchedwa UL 752, umene gawo lake loyamba limatanthauza zipolopolo zitatu za 9mm basi. Ku Ulaya magalasi amayesedwa ndi muyezo wa EN 1063, kuyambira BR1 mpaka BR7, ndipo galasi lililonse amaliombera katatu. Chachinayi ndi chachisanu palibe amene akukulonjezani. Tsono wina akakubweretserani chitseko kapena galasi n'kumati ichi ndi cha bulletproof, mufunseni mafunso awiri: mfuti yanji, zipolopolo zingati? Akayamba kukanda m'mutu, sungani ndalama zanu. Paja safunsa adadya phula.

Pali chinanso chimene timakanema tija satiuza. Nyumba zambiri za ku America n'zamatabwa, ndipo mkati amakhomamo mabolodi opyapyala oti mwamuna wamphamvu akhoza kuboola ndi chibakera. Nyumba yotere chipolopolo cha mfuti yaikulu chimalowa kumaso n'kutulukira kuseri. Ndiye eni ake amagula mabolodi a fibreglass, okhuthala sentimita imodzi kapena kuposerapo, n'kumabisa m'makoma kuti apeze chitetezo chimene njerwa imapereka yokha. Iwo akugula zodula pofuna kufika pamene ife tidayambira. Ife nanga tikawatsanzire chifukwa chiyani?

Njerwa, buloko ndi dothi

Chimene chimaimitsa chipolopolo ndi kulemera ndi kukhuthala kwa chinthu. Khoma la naini, lija la njerwa ziwiri zogundizana, limakhuthala pafupifupi masentimita 23. Likamangidwa ndi njerwa zopsa bwino, matope ake a simenti, n'kupakidwa pulasitala mbali zonse, chipolopolo cha pisitolo sichingadutse, ndipo ngakhale cha mfuti yaikulu nthawi zambiri chimathera momwemo. Kuti munthu aboole khoma lotere ayenera kuombera pamodzimodzi kambirimbiri, ndipo mbava ilibe nthawi kapena zipolopolo zoseweretsa chotero.

Khoma la hafu, la njerwa imodzi yogoneka m'litali, ndi nkhani ina. Kukhuthala kwake ndi theka chabe, ndipo pamfuti yaikulu musalidalire. Choipa kwambiri n'chakuti nyumba zambiri za lendi m'makomboni mwathu zidamangidwa ndi hafu, matope ake a dothi, njerwa zake zija za m'mphepete mwa uvuni zimene moto udangozinyambita. Khoma lotere silifuna n'mfuti yomwe. Munthu wa chitsulo ndi chigubu cha madzi akhoza kuchotsa njerwa imodziimodzi inu muli mtulo. Pogula njerwa gundanitsani ziwiri: yopsa bwino imalira ngati chitsulo, yosapsa imangoti phu. Ina igwetseni kuchokera m'chiuno. Ikanyenyeka, pitani kwina.

Mabuloko nawo afala, makamaka chiyambire 2018 pamene boma kudzera ku bungwe la NCIC lidaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Cholingacho n'chabwino, ndipo aliyense woona m'mene nkhalango ya Kaning'ina ndi Chikangawa zapululukira sangatsutse. Koma dziwani kuti buloko lili ndi mphako. Limaoneka lalikulu, koma mnofu wake mbali iliyonse ndi masentimita awiri kapena atatu, pakati mpweya wokhawokha. Chipolopolo cha mfuti yaikulu chimaswa buloko lotere n'kupitirira. Vuto limakula oumba akamaumira simenti kuti thumba limodzi litulutse mabuloko ochuluka. Mankhwala ake ndi osavuta: thirani konkire m'mphakomo, ya muyezo uja amisiri amaudziwa wa simenti imodzi, mchenga iwiri, miyala inayi. Ngati thumba laperewera, ngakhale miyala ing'onoing'ono yosakaniza ndi mchenga wouma imathandiza kwambiri. Simukuyenera kudzaza nyumba yonse. Dzazani makoma a chipinda chogona, kuyambira pansi mpaka pamene payambira windo, chifukwa m'munsimo ndi momwe banja lidzagone pansi zinthu zikavuta.

Ndipo tisanyoze dothi. Asilikali a mayiko olemera, ndi ndalama zawo zonse, akafuna kudziteteza amadzaza mchenga m'matumba. Mchenga ndi dothi zimameza chipolopolo, pamene chitsulo ndi konkire nthawi zina zimachinjanjitsa n'kukavulaza wina amene sadali n'komwe. Nyumba ya mdindo ya agogo, ikakhala yokhuthala bwino, imaposa nyumba ya mabuloko amphako pa nkhani imeneyi. Zomvetsa manyazi kwa ife a m'tauni, koma ndi choncho.

Galasi ndi chitsulo: tiwerengere limodzi

Tsopano tibwere ku zija zokopa maso. Galasi loletsa zipolopolo ndi magalasi angapo omatidwa pamodzi ndi pulasitiki yolimba pakati. Loti lipirire mfuti yaikulu limakhuthala masentimita 4 kapena kuposerapo, pamene la m'mawindo athu ndi mamilimita atatu kapena anayi. Galasi limalemera makilogalamu awiri ndi theka pa milimita iliyonse, pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Werengani nokha: windo limodzi la kukula kotere likuyandikira makilogalamu 100, matumba awiri a simenti. Felemu lanu la pa msika silinganyamule zimenezo, ndipo felemu likakhala lofooka chipolopolo chimangodzera m'mbali. Mawindo otere kawirikawiri satsekuka, pulasitiki yake imafuwa ndi dzuwa pakapita zaka, ndipo likaomberedwa kamodzi ndiye kuti latha, muitanitse lina. Zonsezi n'zochokera kunja, zogula ndi ndalama zakunja, m'dziko limene kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Galasi lotere malo ake ndi kubanki ndi m'nyumba za akazembe.

Chenjeraninso ndi kapepala komata pagalasi kamene ena amati kamaletsa zipolopolo. Kapepalako kamathandiza kuti galasi likasweka lisamwazike n'kucheka anthu, ndipo kamachedwetsako wakuba. Koma chipolopolo chimadutsa ngati palibe kanthu.

Nanga chitsulo? Ambiri timakhulupirira kuti chitseko chikangokhala chachitsulo ndiye kuti tamaliza. Zitseko zambiri zowotcherera m'mphepete mwa msewu zimapangidwa ndi chitsulo cha milimita imodzi kapena iwiri. Chimenecho ngakhale pisitolo imaboola. Chitsulo wamba cha mamilimita 6 chikhoza kuimitsa zipolopolo zambiri za pisitolo, koma AK-47 ikaombera pafupi imadutsa. Ndipo kulemera kwake? Chitsulo chimalemera pafupifupi makilogalamu 8 pa milimita iliyonse pa malo aja a mita ndi mita, kotero chitseko cha mamilimita 6 chimayandikira makilogalamu 90. Mahinjesi wamba sangachigwire, ndipo tsiku lina chidzaphwanya zala za mwana. Chitsulo chenicheni choletsa mfuti zazikulu n'chamtundu wapadera, cholimbitsidwa kufakitale, ndipo wowotcherera wosachidziwa akachitenthetsa kwambiri chimafooka pamalo omwe wawotchererawo. Malata a padenga ndiye osanena: sakwana n'theka la milimita lomwe.

Mbava imadzera pamene mumadzera inu

Tiyeni tinene zoona. Ambiri amene adathyoledwapo nyumba m'makomboni mwathu sakamba za mfuti. Amakamba za zikwanje, chitsulo chokanulira ndi chimwala chachikulu choponyera pachitseko. Ngakhale kukabwera wamfuti, sabwera kudzaombera khoma. Mfuti ndi yoopsezera kuti mutsekule, kapena kuti mukhale chete akalowa. Chimene chimapulumutsa banja ndi nthawi: mphindi zimene chitseko chikukana kugonja, anthu akukuwa, mafoni akulira, aneba akudzuka. Wakuba amadana ndi zinthu zitatu: kuchedwa, phokoso ndi kuwala.

Tsono ndalama zanu zipite kuti? Choyamba, felemu la chitseko. Loko wa mtengo wapatali pa felemu logwidwa ndi misomali inayi ndi kutaya ndalama, chifukwa chimwala chija chimachotsa chitseko ndi felemu lake lomwe. Felemu likhale lachitsulo, lokhala ndi ndowe zolowa m'khoma, ndipo kuseri kwake athiremo konkire. Chitseko chikhale cha thabwa lolimba lokhalokha, osati zija zamphako zokutidwa ndi pulayiwudi, ndipo mahinjesi akhale atatu. Kumbuyo kwake bwezeretsani nzeru ya makolo, mpiringidzo: chitsulo kapena mtengo wopingasa wolowa m'khoma mbali zonse ziwiri. Palibe loko wa m'sitolo amene amaposa mpiringidzo. Ndipo musaiwale chitseko cha kukhitchini, poti ambiri timakongoletsa cha kumaso n'kusiya cha kuseri chili gwedegwede.

Chachiwiri, denga. Makoma a m'kati ambiri safika kumalata, ndiye munthu akakanula lata limodzi n'kulowa musiling'i, nyumba yonse ndi yake. Kwezani makoma a chipinda chogona mpaka kumalata, ndipo ngati mungathe yalani waya wolimba wowotcherera pamwamba pa siling'i ya chipindacho.

Chachitatu, sankhani chipinda chimodzi chikhale linga la banja. Makoma a naini kapena mabuloko odzaza, chitseko cholimba chokhala ndi mpiringidzo, windo laling'ono lokwera, foni yatchaji, tochi ndi wezulo. Bedi lisayang'anizane ndi chitseko kapena windo. Ana adziwe kuti kukamveka chachilendo athamangire mmenemo n'kugona pansi. Kulimbitsa chipinda chimodzi n'kotheka kwa munthu wa geni. Kulimbitsa nyumba yonse ngati banki n'kulota.

Chachinayi, geti. Pakhale nyale yowala kunja, ngakhale ya sola. Tchire la pafupi ndi geti lisengedwe. Pakhale kabowo koonera amene ali kunja musanatsekule. Ngati mumafika usiku, imbani foni muli m'njira kuti musaime nthawi yaitali pageti mukugogoda.

Linga likhoza kusanduka manda

Walira mvula walira matope. Chilichonse chimene chimatsekera wakuba kunja chimakutsekeraninso inu m'kati, ndipo apa ndi pamene ndikufuna timvane bwino. Magetsi akazima timayatsa makandulo. Mafuta akasowa ena amasunga zigubu za petulo m'nyumba. Moto ukabuka usiku m'nyumba imene mawindo onse adawotcherera zitsulo, chitseko chili ndi maloko atatu, makiyi ali m'thumba la buluku la bambo, banja lituluka bwanji? M'chipinda chilichonse chogona mukhale windo limodzi limene zitsulo zake zimatsekuka kuchokera m'kati, ndipo kiyi wake akhale pamalo amodzi odziwika ndi aliyense, ngakhale mwana wa sitandade 3.

Kuzizira kwa Mzuzu mu Juni ndi Julaye tonse tikukudziwa, ndipo ambiri timalowetsa mbaula m'nyumba. Makala akamayaka m'chipinda chotsekedwa amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka, sununkha, ndipo munthu amangogona osadzukanso. Mukamalimbitsa chipinda musatseke timabowo ta mpweya, ndipo mbaula isagone m'chipinda muli anthu.

Kenaka kulemera. Khoma la naini limalemera makilogalamu oposa 400 pa malo a mita ndi mita. Mpanda wa mamita awiri kutalika ndiye kuti mita iliyonse m'litali ikuposa makilogalamu 800. Muuike pamalo otsetsereka, pa maziko osaya, pa dothi lonyowa ndi mvula ya kuno yosadziwa kukata, mwapanga msampha. Mu Epulo 2016 mvula yamphamvu idagwetsa nyumba zambiri mumzinda uno, anthu adafa ndipo mabanja ochuluka adasowa pokhala. Tili m'chigwa cha zivomezi: cha ku Salima mu Malichi 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009 zidapha anthu ndi kugwetsa nyumba zambirimbiri, ndipo pa chivomezi chimene chimapha ndi khoma logwa. Tsono mukafuna khoma lolemera, lipireni maziko ake. Mpanda ukhale ndi zipilala pafupifupi mamita atatu alionse ndi timabowo totulutsira madzi m'munsi, nyumba ikhale ndi bimu yozungulira pamwamba, ndipo pulani ikadutse kukhonsolo. Khoma limene mwamangira mbava lisadzagwere mwana wa aneba akusewera kuseri.

Mpanda wautali, maso ochepa

Anzathu a ku South Africa adatitsogolera pa mpikisano wa mipanda: makoma ataliatali, waya wamagetsi, makampani a alonda amfuti. Koma umbava sudathe. Katswiri wina wa ku Durban University of Technology, Monique Marks, adafufuza nkhaniyi poyenda ndi apolisi komanso alonda mumzinda wa Durban, ndipo chimene adapeza n'chakuti khoma lalitali losaonekera m'kati limavutitsa olondera. Wakuba akangolidumpha amagwira ntchito yake mwamtendere, popeza wodutsa mumsewu saona kanthu ndipo aneba sadziwa kuti kwagwanji. Mpanda woonekera, kaya wazitsulo kaya wa njerwa m'munsi ndi zitsulo m'mwamba, umasiya maso a anthu akugwira ntchito.

Ife mwayi tikadali nawo. Ku Geisha anthu akadadziwana, akadapatsana moni, akadakumana pamaliro ndi kutchalitchi. Chuma chimenechi n'choposa galasi lililonse, ndipo mipanda yathu ikuchidya pang'onopang'ono. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja khumi oyandikana atagwirizana kuti aliyense akhale ndi wezulo, manambala a mafoni a anzake ndi a polisi yapafupi, n'kusonkherana nyale za sola zitatu za mumsewu, apeza chitetezo choposa cha munthu mmodzi amene wadzitsekera m'linga. Magulu a chitetezo cha m'madera alipo, ndipo lamulo la apolisi la 2010 limawazindikira. Tiwathandize ndi matochi ndi kangachepe, koma tiwakumbutsenso kuti wogwidwa apite kupolisi. Kuotcha munthu ndi kupha, ndipo tsiku lina wootchedwayo adzakhala mwana wanu amene amangochokera koonera mpira.

Chinanso, abale anga a geni: chimene chimaitana mfuti pakhomo ndi ndalama. Wamfuti sayenda mwachisawawa, amakhala atamva kuti uje wagulitsa katundu lero, kapena mawa akunyamuka ulendo wokaoda. Airtel Money ndi Mpamba zilipo, mabanki alipo. Inde amadula kangachepe, ndipo zimawawa, koma yerekezani ndi mpamba wonse kupita usiku umodzi. Ulendo wanu wa ku Kyela usamadziwike ndi bawo yonse. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Ndipo zinthu zikafika poipa, munthu wakuloza ndi mfuti, mpatseni. Katundu amagulidwanso.

Inu ophunzira a pa Mzuni ndi makoleji ena amene mukuchita lendi timazipinda ku Luwinga ndi madera ena, khoma si lanu ndipo simungaligumule. Koma mukamafuna chipinda, gwedezani felemu la chitseko musanafunse za mtengo. Pemphani alandilodi akuikireni mpiringidzo, kapena sonkheranani muike nokha, n'zotsika mtengo kuposa laputopu imene mukuiteteza. Laputopuyo ndi foni zisagone pafupi ndi windo. Ndipo kunja kukamveka mfuti, kaya ndi mbava kaya ndi zionetsero, musathamangire pawindo kukajambula. Zimitsani nyale, gonani pansi m'munsi mwa khoma lokhuthala, kutali ndi chitseko. Chitseko, kabati ndi matilesi zimakubisani kuti musaoneke, koma siziimitsa chipolopolo.

Pomaliza, mawu kwa akuluakulu. Nzika ikayamba kufunsa mtengo wa galasi loletsa zipolopolo, ndiye kuti yataya chikhulupiriro mwa amene idawalemba ntchito yoiteteza. Misonkho tikupereka, ziphaso za msika tikudula tsiku ndi tsiku. Tikufuna nyale m'misewu ya m'makomboni, osati pakati pa tauni pokha. Tikufuna misewu yoti galimoto ya polisi ifike ku Geisha ngakhale mu Malichi matope ali tho. Tikufuna mfuti zosaloledwa zisakidwe, ndipo za boma ziwerengedwe kuti zisamagone kunja. Makhansala ndi aphungu amene amabwera kudzapempha mavoti tiziwafunsa zimenezi pamaso, chifukwa palibe mmisiri amene angatimangire chitetezo chimenechi ndi njerwa.

Pakali pano, inu amene muli ndi matumba khumi a simenti ndipo mukuganiza zokweza mpanda ndi mizere ina isanu, taimani kaye. Lowani m'nyumba, gwirani chitseko cha kukhitchini, muchigwedeze. Mukamva chikuyankha, mwadziwa pamene simentiyo ayenera kuyambira.